Ulendo wa kumsonkhano waukulu wa okonda nkhani zopeka za sayansi ndi zodabwitsa: kuyambira pogula baji mpaka tsiku lotseka

Mukangolandira baji yanu, chiphaso cholowera mumsonkhano, tsiku loyamba, amakupatsaninso kabuku ka pulogalamu, kapena amakuuzani kuti muiike pa foni. Mukatsegula mumapeza kuti pa ola limodzi lokha pali zochitika makumi angapo, m'zipinda zosiyana, zina m'nyumba zotalikirana. Wolemba mabuku amene mwamuwerenga kwa zaka zambiri akulankhula uku, wochita filimu wina akusaina zithunzi uko, ndipo pamasitepe mwangodutsana ndi munthu amene wavala mapiko a chinjoka otalika kuposa chitseko. Alendo ambiri amasokonekera pomwepa. Amafuna kuona zonse, amathamanga tsiku lonse osadya, ndipo pofika tsiku lachitatu ali gone m'chipinda, mapazi otupa, mawu atatha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pa mfundo imodzi: zonse simungazione, choncho sankhani zochepa musananyamuke, ndipo musiye mpata wa zimene simunazikonzekere.

Yambani ndi kusankha msonkhano woyenera inu

Misonkhano imeneyi imafanana dzina koma mtima wake ndi wosiyana, ndipo munthu akalakwitsa apa, ndalama zonse zimapita m'madzi.

Wakale kwambiri mwa ikuluikulu ndi Worldcon, umene unayamba mu 1939 ku New York ndi anthu pafupifupi 200. Unaima zaka za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kuyambira 1942 mpaka 1945, kenako n'kupitiriza chaka ndi chaka. Ulibe mudzi wake: mu 2017 unali ku Helsinki, mu 2019 ku Dublin, mu 2023 ku Chengdu, mu 2024 ku Glasgow, mu 2025 ku Seattle. Umayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa, ndipo pakatikati pake pali mabuku. Kumeneko n'kumene amapereka mphoto za Hugo, za nkhani zopeka zopambana pa chaka, zimene zinaperekedwa koyamba mu 1953 ndipo zinatchedwa dzina la Hugo Gernsback, amene anayambitsa magazini ya Amazing Stories mu 1926. Nthawi zambiri umasonkhanitsa anthu zikwi zochepa chabe, moti wolemba wotchuka mutha kukhala naye tebulo limodzi pakudya.

San Diego Comic-Con, wa mumzinda wa San Diego ku America, ndi nyama ina. Unayamba mu 1970, umachitika mu Julayi, ndipo umadzaza anthu oposa 130,000. Makampani akuluakulu a mafilimu ndi ma TV amabwera kudzaonetsa zimene akukonza, ndipo chipinda chake chachikulu, Hall H, chimalowa anthu pafupifupi 6,500. Ngati chimene mukufuna ndi kuona nkhope za pakanema ndi maso anu, ndi kumeneko, koma mudzalipira ndi maola a pamzere.

Pakati pa iwiriyi pali Dragon Con, wa ku Atlanta, umene unayamba mu 1987. Umachitika kumapeto a sabata mpaka tsiku la Labor Day, holide ya ku America ya Lolemba loyamba la Seputembala, ndipo m'malo mokhala m'holo imodzi umafalikira m'mahotela asanu a pakati pa mzinda. Umatchuka ndi zovala, ndi perete wa Loweruka m'mawa mumsewu wa Peachtree, komanso ndi kusagona: usiku ndi usana kumakhala kanthu kena kakuchitika.

Dzifunseni moona: ndikufuna kumva olemba akukambirana, kuona anthu otchuka, kapena kuvala ndi kusangalala ndi anzanga? Yankho lake likulozerani njira. Ndipo ngati simunapitepo ku msonkhano wotere ngakhale umodzi, ine ndingati yambani ndi waung'ono wa tsiku limodzi kapena awiri, muone mmene thupi lanu limachitira pakati pa khamu.

Baji

Baji ndiye chitseko. Popanda iyo simulowa chipinda chilichonse, ndipo kagulidwe kake kamasiyana.

Ku San Diego mumayamba ndi kulembetsa pa intaneti kuti mukhale ndi nambala yanu ya umembala, imene amaitcha Member ID. Popanda nambalayo simungalowe n'komwe pamzere wogula. Mabaji amagulitsidwa miyezi yambiri Julayi asanafike, ndipo pa tsiku logulitsa kompyuta ndiyo imasankha mwachisawawa amene alowe kukagula. Kudzuka m'mamawa sikuthandiza, ndi mwayi basi. N'chifukwa chake anthu amagwirizana m'timagulu, kuti amene mwayi wamugwera agulireko anzake.

Ku Worldcon samanena kuti mwagula tikiti, amati mwakhala membala, ndipo mawuwo ali ndi tanthauzo. Pali umembala wa bungwe la World Science Fiction Society, umene umakupatsani ufulu wovota pa mphoto za Hugo ngakhale musapite n'komwe, ndiye pali ndalama yowonjezera ya amene akufuna kukafika. Ngati mukufuna kutchula nawo mabuku oti apikisane, muyenera kukhala membala pofika 31 Januwale chaka chimenecho, kapena kukhala kuti munali membala wa Worldcon ya chaka chathacho. Zaka zambiri mamembala amalandiranso pa intaneti mtolo wa nkhani zambiri zimene zafika kumapeto a mpikisano, kuti awerenge asanavote. Kwa munthu wokonda kuwerenga, mtolo umenewu pawokha ndi phindu lalikulu.

Pafupifupi kulikonse mtengo umakwera tsiku likamayandikira, choncho gulani msanga. Gulani kwa eni msonkhano okha. Baji yogula kwa munthu wa pa intaneti imatha kukhala yabodza, kapena ya dzina la wina, ndipo pakhomo amafuna chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu. Dzina limene mwalembetsa lifanane ndi la pachiphasocho chilembo ndi chilembo.

Pogona ndi ulendo: apa ndi pamene ndalama zimathera

Anthu atsopano amadandaula ndi mtengo wa baji, osadziwa kuti chimene chidzawapsinje ndi chipinda. Misonkhano ikuluikulu imapangana ndi mahotela oyandikana nayo kuti asunge zipinda pa mtengo wotsikirako, koma zipindazo zimatha mwachangu. Ku Dragon Con zipinda za m'mahotela a msonkhanowo zimagwidwa pafupifupi chaka chathunthu nthawi isanakwane. Mukangotsimikiza zopita, tsiku lomwelo yambani kufufuza pogona.

Kodi n'koyenera kulipira zambiri kuti mugone pafupi? Ine ndimati inde, ngati thumba likulola. Chipinda chapafupi si chogonamo chokha. Ndi kumene mumakasiya mabuku olemera amene mwagula, kumene mumakasintha nsapato, kumene mumakagonako theka la ola masana mutu ukayamba kulira. Amene wagona kutali amanyamula tsiku lonse pamsana, ndipo usiku zosangalatsa zikamayamba iye ali kale pa ulendo wobwerera. Ngati simungathe, sankhani hotela ya pafupi ndi siteshoni ya sitima kapena basi, ndipo mudziwiretu kuti yomaliza imanyamuka nthawi yanji.

Njira yodziwika yochepetsera mtengo ndi kugawana chipinda. Chitani zimenezi ndi anthu amene mukuwadziwa, ndipo mukambirane zinthu zovuta musananyamuke: ndani alipira liti, ndani agona pabedi ndani pansi, magetsi azimitsidwa nthawi yanji, alendo aloledwa kapena ayi. Ubale wambiri umasokonekera chifukwa cha guluu ndi utoto wa zovala zotayikira m'bafa, kapena chifukwa cha wina wobwera 3 koloko usiku akuimba. Dziwaninso kuti mahotela ambiri amatsekera ndalama ina pa khadi lanu la kubanki ngati chikole, ndipo imamasulidwa patapita masiku mutachoka. Musadalire ndalama imeneyo pogula chakudya.

Ngati msonkhano uli m'dziko lina, onani pasipoti yanu lero, chifukwa maiko ambiri amafuna kuti ikhale isanathe kwa miyezi isanu ndi umodzi kutsogolo. Za visa yambani msanga kuposa mmene mukuganizira, ndipo musagule tikiti ya ndege yosabweza ndalama yankho lisanatuluke. Funsani eni msonkhano ngati amalemba kalata yotsimikizira kuti mwalembetsa. Fikani tsiku limodzi msonkhano usanayambe. Tsiku limenelo limaoneka ngati lotayika, koma ndi limene mumalandira baji mzere usanatalike, n'kuyendera malo onse ali phee, kuona kumene kuli zimbudzi, madzi akumwa ndi makomo otulukira.

Kukhala pansi ndi pulogalamu

Apa tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene msonkhano wanu umakonzeka kapena kuonongeka.

Pulogalamu imatuluka masabata ochepa tsiku lisanafike. Khalani nayo madzulo amodzi, cholembera m'manja. Poyamba chongani chilichonse chimene chakukopani, osadziletsa. Mudzapeza kuti mwachonga zambiri zosatheka. Tsopano pa tsiku lililonse sankhani chinthu chimodzi chokha chimene mukachiphonya mudzabwerera ndi chisoni. Chimenecho ndicho mzati wa tsikulo, ndipo zina zonse zizungulire icho. Onjezani ziwiri zimene mungakonde kuona. Zotsalazo zisiyeni ngati zoyembekezera, zoti mukalowe ngati chipinda china chadzaza kapena mwapezeka muli pafupi.

Zitatu pa tsiku zimaoneka zochepa, makamaka mutalipira ndalama zambiri chonchi. Koma werengani nthawi. Zokambirana za pagulu, zimene amazitcha panel, zimatenga pafupifupi ola limodzi. Kuchoka chipinda china kufika china pakati pa khamu kungadye mphindi makumi awiri, makamaka ngati n'kuhotela ina kapena mukudikira chikepe. Chochitika chotchuka chimafuna kuti mukaime pamzere ola lathunthu kapena kuposa. Onjezani kudya, kuchimbudzi, ndi kuima chifukwa mwakumana ndi munthu wosangalatsa. Tsiku latha.

Zinthu ziwiri zokoma zikagundana pa ola limodzi, sankhani chimodzi ndipo china muchiiwale. Mapanga awiri avumbwitsa. Amene amatuluka pakati pa zokambirana kuthamangira zina amakapeza chitseko chatsekedwa, n'kutsala pakhonde osamva chilichonse. Posankha, dzifunseni kuti ndi chiti chimene chidzapezeke pa intaneti mawa. Zilengezo za mafilimu akuluakulu zimafalikira dziko lonse pasanathe ola. Koma zokambirana za m'kachipinda kakang'ono, kumene katswiri wa zakuthambo ndi olemba awiri akukangana ngati anthu angakhaledi pa Mars, kapena mmene munthu amapekera chilankhulo cha mtundu wa anthu umene kulibe, zimenezo palibe akuzijambula. Mukaziphonya zapita. Kwa ine zimenezi ndizo nyama ya msonkhano.

Dziwaninso lamulo la chipinda. Ku San Diego satulutsa anthu zokambirana zina zikatha, moti munthu atha kulowa m'mawa n'kukhala pampando womwewo mpaka madzulo. Choncho ofuna chochitika cha masana mu Hall H amayamba kudikira dzulo lake, ena kugona panja. Ku Dragon Con zipinda zikuluzikulu amazikhuthula chochitika chilichonse chikatha, ndiye aliyense amayambiranso pamzere. Kusiyana kumeneku kumasintha dongosolo lonse la tsiku, ndipo kumalembedwa m'malamulo a msonkhano amene anthu ambiri sawerenga.

Pulogalamu imasintha. Mlendo wina amadwala, chipinda chimasinthidwa. Onani pa foni m'mawa uliwonse, komanso jambulani chithunzi cha dongosolo lanu ndi mapu a malowo, chifukwa anthu zikwizikwi akadzaza m'nyumba imodzi netiweki imafooka.

Zonyamula

Nsapato ndizo zoyamba, ndipo zikhale zakale zimene phazi linazizolowera. Nsapato yatsopano pa simenti ya m'holo imakupatsani matuza tsiku loyamba lomwe. M'chikwama cha kumsana ikani botolo la madzi, tizakudya tosaonongeka, batire yapadera yotchajira foni ndi chingwe chake, mankhwala anu a masiku onse, pulasitala wa matuza, ndi juzi yopepuka, popeza m'zipinda mumazizira ngakhale kunja kukutentha. Tengani ndalama zina za pamanja, chifukwa makina a makhadi amatha kukana pamene netiweki yavuta. Ngati mukufuna kusainitsa mabuku, tengani awiri kapena atatu okha, chifukwa olemba ambiri amaika malire mzere ukatalika. Ndipo m'sutikesi musiye malo, pobwerera idzakhala yolemera kuposa popita.

Pamzere ndi m'chipinda

Mzere ndi gawo la msonkhano, musaukwiyire. Funsani amene ali kumapeto kuti mzerewo ndi wa chiyani musanaimepo, chifukwa mizere imapindana m'makonde ndipo n'kosavuta kudikira theka la ola pa mzere wa chinthu china. Safunsa anadya phula. Kusungira mnzanu mmodzi malo pamene wapita kuchimbudzi n'kololedwa pafupifupi kulikonse. Kulowetsa anthu asanu ndi atatu chitseko chikamatsegulidwa n'kumene kumayambitsa mkangano.

Ndipo lankhulani ndi amene mwaima naye. Iye ndi inu mwasankha chinthu chimodzi pakati pa makumi ambiri, ndiye muli kale ndi pokambira. Funso lakuti "mwaona chiyani chabwino lero?" limatsegula pakamwa pa aliyense, ndipo nthawi zambiri limakulozerani ku chinthu chimene simukanachiona mu pulogalamu.

Zokambirana zikafika pa nthawi ya mafunso, pali matenda amodzi amene anthu a m'misonkhano imeneyi amawadziwa bwino ndipo amawaseka: munthu amagwira maikolofoni n'kunena kuti lake si funso kwenikweni koma ndemanga, kenako n'kulankhula mphindi zisanu. Musakhale munthu ameneyo. Konzani funso lanu mumtima, likhale la chiganizo chimodzi kapena ziwiri, lifunseni, khalani pansi. Musaulule mathero a buku kapena filimu imene ena sanaimalize. Ndipo musapemphe mlendo kuti awerenge nkhani imene mwalemba, si malo ake.

Ku Worldcon ndi misonkhano ina ya mabuku kuli chinthu chimene alendo atsopano amachidumpha chifukwa dzina lake ndi lachilendo: kaffeeklatsch. Ndi mawu ochokera ku Chijeremani, otanthauza macheza a pa khofi. Anthu ochepa, pafupifupi khumi, amakhala patebulo limodzi ndi wolemba kapena mkonzi wa mabuku kwa ola lathunthu, n'kumacheza. Malo ake ndi ochepa ndipo mumayenera kulembetsa, choncho funsani tsiku loyamba kuti amalembetsa kuti ndiponso nthawi yanji. Ola limodzi lotere limaposa maola asanu a kumbuyo kwa holo yaikulu, kumene mlendo mumamuonera pa sikirini.

Ngati muli ndi vuto la kuyenda, kumva, kuona, kapena simungathe kuima nthawi yaitali, pitani ku tebulo lothandiza anthu olumala mukangolandira baji. Misonkhano ikuluikulu imakhala ndi mipando yosungidwa ndi njira zina zodikirira, koma sangakudziweni musanadzionetse.

Zovala

Simukakamizidwa kuvala ngati munthu wa m'nkhani. Anthu ambiri amangovala malaya wamba. Koma mwambowu ndi wakale ngati misonkhano yomweyi: pa Worldcon yoyamba ija ya 1939, Forrest J Ackerman ndi Myrtle R. Douglas anafika atavala zovala za "m'tsogolo" zimene Douglas anasoka. Mawu akuti cosplay, otanthauza mwambowu, anabwera pambuyo, kuchokera ku Japan m'zaka za m'ma 1980.

Ngati mukufuna kuvala, chiyeseni chovalacho kunyumba kwa maola angapo, osati mphindi zisanu pagalasi. Khalani nacho pampando. Kwerani nacho masitepe. Onani ngati mungalowe nacho m'chimbudzi popanda wokuthandizani, funso limene ambiri amalikumbukira mochedwa. Chisoti chotseka nkhope chimatentha ndipo chimabisa za m'mbali, ndiye mufunika mnzanu wokutsogolerani ndi kukumwetsani madzi. Tengani singano, ulusi, mapini, tepi ndi guluu, chifukwa china chake chidzang'ambika. Misonkhano yambiri ili ndi malo okonzerako zovala kwaulere, koma sakhala pafupi pamene msoko wathothoka.

Zida zoseweretsa zili ndi malamulo okhwima. Lupanga, mkondo kapena mfuti yabodza zimayenera kuonetsedwa kwa achitetezo, amene amazimanga kachingwe kosonyeza kuti zaonedwa ndipo sizingasololedwe. Zachitsulo chakuthwa ndi zooneka ngati mfuti yeniyeni amazikana m'malo ambiri. Werengani malamulowo musanayambe kupanga chida, osati mutafika pakhomo. Kumbukiraninso kuti kunja kwa holo kuli apolisi ndi anthu wamba amene sakudziwa za msonkhano, choncho mumsewu ndi pabwalo la ndege chidacho chikhale m'chikwama.

Kuvala m'makonde ndi kwina, kupikisana ndi kwina. Mpikisano waukulu wa zovala, umene amautcha masquerade, umafuna kulembetsa msanga, ndipo nthawi zambiri umagawidwa m'magulu malinga ndi luso, kuti woyamba kumene asalimbane ndi katswiri. Oweruza ena amatembenuza chovala kuona misoko ya mkati. Ngakhale musapikisane, kaonereni.

Kwa inu ojambula: pemphani kaye. Ovala ambiri amakondwa kujambulidwa, anathera miyezi pa chovalacho, koma pempho ndilo ulemu. Musajambule munthu akudya, akupuma, kapena atavula chisoti kuti apume mpweya. Musakhudze chovala kapena thupi la munthu popanda chilolezo. Kuvala chovala chooneka mwamtundu wina sikutanthauza kuti munthu wavomera kugwidwa, ndipo misonkhano yambiri imalemba zimenezi pa zikwangwani. Mwana musamujambule kholo lake lisanalole. Ndipo musaimitse munthu pakati pa njira yodzaza, kokeranani pambali. Wina akakuvutitsani inuyo, uzani wogwira ntchito aliyense wa msonkhano. Pali malamulo a khalidwe, ndipo wolakwa amatha kulandidwa baji.

Kumsika

Holo ya ogulitsa ndi dzenje la ndalama. Muli mabuku akale ndi atsopano, makomiki, zidole, malaya, zibangili, masewera a patebulo. Njira yanga ndi iyi: ulendo woyamba zungulirani osagula, muzingolemba nambala ya tebulo limene mwaona chokoma. Zimene mudzazikumbukirebe mawa ndizo mukuzifunadi. Lamuloli lithyoleni pa zinthu ziwiri zokha, chinthu chimene chilipo chimodzi chokha, ndi zogulitsidwa pa msonkhano wokhawo zimene zimatha msanga.

Dzipatseni malire a ndalama za tsiku lililonse, ndipo za chakudya ndi ulendo wobwerera zikhale padera, zosakhudzidwa. Anthu otchuka a pakanema ambiri amalipiritsa kusaina ndi kujambulitsa nawo, ndipo mitengo yake imasiyana, choncho ionenitu. Olemba mabuku kawirikawiri amasaina kwaulere.

Musadumphe mbali ya ojambula zithunzi odziimira okha, imene amaitcha Artist Alley. Kumeneko mumagula kwa munthu amene anajambula ndi dzanja lake, ndipo ena amakujambulirani chimene mwapempha mukabwerenso madzulo. Musajambule ntchito zawo ndi foni osapempha, ndipo musawanenerere mtengo ngati kuti mukugula chinthu cha m'fakitale. Tsiku lomaliza ogulitsa akuluakulu ena amatsitsa mitengo posafuna kunyamulanso katundu.

Thupi

Anthu akale a m'misonkhanoyi ali ndi lamulo limene amalitchula ndi manambala, 6-2-1, ena amati 5-2-1: maola asanu ndi limodzi ogona, chakudya chenicheni kawiri, kusamba kamodzi, tsiku lililonse. Amawonjezera kuti manambalawo sasinthanitsidwa, kugona maola awiri ndi kudya kasanu ndi kamodzi si kutsata lamulo. La kusamba lija si nthabwala. Anthu zikwi makumi angapo m'nyumba imodzi, ena atavala zikopa ndi mapulasitiki, fungo lake mulidziwa nokha.

Idyani pa nthawi imene ena sakudya, monga 11 koloko m'mawa kapena 3 koloko masana, mizere ikafupika. Chakudya cha m'holo chimadula, ndipo kuyenda misewu iwiri kapena itatu kumapeza chabwinoko. Imwani madzi ngakhale musamve ludzu. Sambani m'manja pafupipafupi, chifukwa chimfine cha pambuyo pa msonkhano n'chodziwika kwambiri moti anachipatsa dzina, con crud. Mukadzuka mukudwala, khalani m'chipinda kapena valani chophimba pakamwa ndi pamphuno.

Phokoso likakukwanani, tulukani. Misonkhano yambiri tsopano ili ndi chipinda chachete chopumiramo. Ola limodzi mutakhala pansi pakona, mukungoona anthu akudutsa, si nthawi yotayika. Ine zina mwa zimene ndimakumbukira bwino ndinaziona nditakhala chomwecho, monga anthu anayi ovala ngati asilikali a m'mlengalenga, zida zonse zili m'thupi, akuthandiza mayi wina kukweza ngolo ya mwana pamasitepe.

Dzuwa likalowa

Pulogalamu ya masana ikatha, msonkhano wina umayamba. Pali magule, makonsati, masewera a patebulo ofika mbandakucha, ndi magulu oimba nyimbo zopeka za nkhani zimenezi, mtundu wa nyimbo umene amautcha filk, kumene aliyense amaloledwa kulowa m'bwalo. Ku Worldcon kumakhalanso maphwando a mizinda imene ikupempha kudzachititsa msonkhano wa m'tsogolo, popeza mamembala ndiwo amavota, zaka ziwiri nthawi isanakwane, kuti upite kuti. Amakulandirani ndi zakudya ndi timaliboni tomata pa baji, n'kumakunyengererani kuti muvotere mzinda wawo. Muona anthu ena baji yawo ili ndi mchira wa maliboni wofika m'maondo. Usiku wa mphoto za Hugo pitani ngakhale simukudziwa onse opikisana. Chikho chake ndi roketi yachitsulo, ndipo tsinde lake limapangidwa mosiyana chaka chilichonse.

Zachitetezo ndi zomwe mukuzidziwa kale. Chakumwa chanu chisachoke m'maso mwanu, mnzanu adziwe kumene muli, ndipo pangananitu malo okumanirana foni ikazima. Ngati mumamwa mowa, kumbukirani kuti mzati wa mawa uli m'mawa.

Ngati mwapita nokha ndipo manyazi akukugwirani, dziperekeni kugwira ntchito maola awiri kapena atatu. Misonkhano yoyendetsedwa ndi ongodzipereka imasowa manja nthawi zonse: wolondera pakhomo, wonyamula mipando, wolozera anthu njira. Mukamaliza mumakhala mukudziwa maina a anthu khumi, ndipo madzulo muli ndi okudya nawo.

Tsiku lotseka

Longedzani usiku wa dzulo lake. M'mawa wa tsiku lomaliza zikepe zimadzaza ndi anthu ndi masutikesi, ndipo kutsika kuchoka pamwamba kungatenge nthawi yaitali kuposa mmene mukuganizira. Tulukani m'chipinda msanga, siyani katundu kwa osunga katundu a hotela, kenako bwererani kumsika kukatenga zija munalemba. Zithunzi zikuluzikulu zipindeni m'chubu cha katoni, mabuku alowe pansi pa sutikesi, ndipo muiyeze kulemera musanapite ku bwalo la ndege. Tenganani manambala ndi anthu amene mwacheza nawo musanasiyane, chifukwa khamu likabalalika simudzawapezanso. Onani ngati baji ya chaka chamawa ikugulitsidwa pomwepo, misonkhano ina imaitsitsa mtengo kwa ogula tsiku limenelo. Ndipo ngati kuntchito angalole, pemphani tsiku limodzi lowonjezera mutafika kunyumba, loti mugone ndi kuchapa.